MAFUTA OBISIKA PANSI PA MADZI OUNDANA: PHUNZIRO KWA ANTHU A KU PETAUKE NDI NYIMBA

Munthu amene angaime kwa ola limodzi pa msika wa nthoci wa pa Nyimba, kapena pa mphambano yolowera ku boma la Petauke, sangalephere kuona magalimoto akuluakulu onyamula mafuta akudutsa mu mseu wa Great East. Ena amacokera ku doko la Beira m'dziko la Mozambique nalowa m'dziko muno pa cipata ca Chanida, pamene ena amacokera ku Lusaka kukapereka petulo ndi dizilo ku Chipata ndi ku maboma ena a Cigawo ca Kum'mawa. Galimoto imodzi yotere imatha kunyamula malita oposa 30,000. Ambiri a ife tinazolowera kuwaona magalimotowa, kotero kuti sitifunsanso kumene mafuta onsewo angapite galimotoyo itagubuduka pa mlatho.

Funso limeneli ndilo latikumbutsa nkhani ina yocokera kutali, ku maiko ozizira a kumpoto kwa dziko lapansi, kumene nyanja imaundana ndi kukhala ngati mwala. Kumeneko akatswiri a sayansi akhala akuphunzira njira yopezera mafuta otayika pansi pa madzi oundana pogwiritsa nchito mau. Ena mwa inu awerengi mudzati nkhani yotere siitikhudza, popeza kuno kwathu madzi oundana timangowaona mu firiji. Koma mukawerenga mpaka kumapeto mudzaona kuti vuto limene anthu amenewa akulimbana nalo lilinso pakhomo pathu, ndilo lakuti mafuta oopsa koposa ndi aja amene atayika pamalo osaoneka ndi maso.

Vuto la ku nyanja ya Arctic

Nyanja ya Arctic ili kumpoto kwa maiko a Russia, Canada, Norway ndi cigawo ca Alaska ca dziko la America. Kwa zaka zambirimbiri zombo sizinali kudutsamo cifukwa ca madzi oundana. Koma pamene dziko lapansi likunka litentha, madzi oundanawo akunka acepa. Mu September 2012 malo okutidwa ndi madzi oundana anatsika kufika pa masikweya kilomita pafupifupi 3.4 miliyoni, ndipo kumeneku kunali kucepa kwakukulu kuposa zaka zonse kuyambira mu 1979 pamene makina a m'mlengalenga anayamba kuyeza nyanjayi. Cotsatira cake n'cakuti zombo zonyamula katundu ndi mafuta zacuruka, makamaka m'mbali mwa gombe la Russia, ndipo makampani ofuna mafuta ndi gasi aikako mtima. Bungwe loyang'anira za maulendo a panyanja la International Maritime Organization linaletsa zombo kugwiritsa nchito mafuta olemera akuda m'nyanjayi kuyambira pa 1 July 2024, ngakhale kuti zombo zina zinapatsidwa mpata mpaka 2029.

Mafuta akatayika pa nyanja yopanda madzi oundana, amayandama pamwamba, ndipo ndege kapena makina a m'mlengalenga amawaona msanga. Koma akatayika pansi pa madzi oundana, nkhani imasintha. Popeza mafuta ndi opepuka kuposa madzi, amakwera nakaunjikana m'mapanga ndi m'zigwa za kunsi kwa madzi oundanawo, pakuti kunsiko si kosalala ai. M'nyengo ya cisanu madzi amapitiriza kuundana ca kunsi, ndipo m'masiku owerengeka mafutawo amatsekeredwa mkati ngati nyama ya m'cikumba. Madzi oundanawo sakhala malo amodzi, amayenda ndi mphepo ndi mafunde, kotero kuti pamene asungunuka m'nyengo yotentha mafuta aja amatulukira kutali ndi kumene anatayikira. Nthawi imeneyi ndiyo imene mbalame za m'nyanja zimabwera kudzaswa. Akatswiri a ku Canada anaona zimenezi m'zaka za 1974 ndi 1975 pamene anathira dala mafuta pansi pa madzi oundana ku Balaena Bay kuti aphunzire khalidwe lake.

Kuonjezera apo, kumeneko dzuwa silituluka kwa masabata ambiri m'nyengo ya cisanu. Njira yakale yofufuzira mafuta inali yoboola maenje m'madzi oundana, nchito yocedwa ndi yoika moyo wa anthu pa ngozi. Ku zilumba za Svalbard m'dziko la Norway anayesapo agalu onunkhiza, ndipo agaluwo anatha kupeza mafuta obisika pansi pa cipale. Ena anayesa makina a radar, koma mcere umene umakhala m'madzi oundana a m'nyanja umafooketsa mphamvu ya makinawo. Apa ndipo pamene akatswiri anatembenukira ku mau.

Mmene mau amapezera zobisika

Nzeru imeneyi si yacilendo kwa ife. Mai akafuna kudziwa kumene madzi alekezera mu mgolo wotseka, amaugogoda ndi cala kuyambira pamwamba kutsika pansi, ndipo pamene kaliridwe kasintha amadziwa kuti madzi ali pamenepo. Wogula vwende amaligogoda asanapereke ndalama. Mnyamata woweta ng'ombe akafuula pafupi ndi mapiri a ku Kacholola, mau ake amabwerera kwa iye, ndipo phiri likakhala kutali mauwo amacedwa kubwerera. Mleme umauluka mumdima osagunda mtengo cifukwa umatulutsa timau tating'ono ndi kumvetsera kubwerera kwake. Ku cipatala nakonso, makina ounikira amai apakati amaonetsa mwana ali m'mimba pogwiritsa nchito mau amene khutu la munthu silingamve.

Anthu a panyanja anayamba kufunafuna nzeru imeneyi pambuyo pa ngozi ya combo ca Titanic, cimene cinagunda phiri la madzi oundana mu April 1912, ndipo anthu oposa 1,500 anamira. Mu 1914 katswiri wina wobadwira ku Canada, Reginald Fessenden, anayesa cipangizo cotumiza mau m'madzi, ndipo cinazindikira phiri la madzi oundana limene linali pa mtunda wa makilomita pafupifupi atatu. Kucokera pamenepo kunabadwa makina amene lero amayeza kuya kwa nyanja ndi kupeza magulu a nsomba. Makina a mtundu umenewu akhala akugwiritsidwa nchito poyeza kucuruka kwa kapenta m'nyanja ya Kariba.

Cinsinsi cake cagona pa liwiro. Mu mpweya mau amayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi imodzi. M'madzi a m'nyanja amayenda mamita pafupifupi 1,500. M'mafuta amacepako pang'ono, koma m'madzi oundana amathamanga kuwirikiza kawiri kapena kuposa apo. Paliponse pamene mau acoka m'cinthu cimodzi kulowa m'cinthu cina ca kulemera kosiyana, gawo lina la mauwo limabwerera m'mbuyo.

Tsono akatswiri amaika cipangizo cotumiza mau pa kacombo kakang'ono kopanda munthu mkati, kamene kamayenda m'madzi kunsi kwa madzi oundana. Cipangizoco cimayang'ana kumwamba. Ngati kulibe mafuta, mau amabwerera kamodzi, kucokera pa madzi oundana. Koma ngati pali mafuta, amabwerera kawiri: poyamba kucokera pamene madzi akumana ndi mafuta, ndipo kaciwiri kucokera pamene mafuta akumana ndi madzi oundana. Mpata wa nthawi pakati pa kubwerera kuwiriku ndiwo umauza akatswiri kucindikala kwa mafutawo. Mwacitsanzo, ngati mafuta acindikala sentimita imodzi, mau amayenda masentimita awiri kupita ndi kubwera, ndipo zimenezi zimatenga magawo pafupifupi 14 a sekondi imodzi yogawidwa m'magawo miliyoni. Khutu la munthu silingasiyanitse zimenezi, koma makina amatha. Kacomboko kakayendera malo onse, akatswiri amajambula mapu oonetsa kumene mafuta ali ndi kucuruka kwake.

Kumapeto kwa 2014, ku malo ofufuzira za maiko ozizira a ku Hanover m'cigawo ca New Hampshire ku America, akatswiri anaundanitsa madzi a mcere m'thanki yaikulu, nathira mafuta kunsi kwake, nayesa zipangizo zosiyanasiyana. Akatswiri a ku Woods Hole Oceanographic Institution anafalitsa zotsatira za kafukufuku wao wa mau m'zaka za 2015 ndi 2016, zoonetsa kuti njirayi imapezadi mafuta oyandama kunsi kwa madzi oundana.

Komabe tiyenera kunena poyera kuti njirayi ili ndi malire. Mafuta akatsekeredwa kwambiri mkati mwa madzi oundana, mau amafooka asanafike pamene ali. Thovu la gasi limasokoneza kubwerera kwa mau. Thanki ya m'nyumba yofufuzira ndi yabata, pamene nyanja yeniyeni ili ndi mafunde, mdima ndi mphepo. Ndipo coposa zonse, kupeza mafuta sikuwacotsa. Makinawa amangouza anthu pamene ayenera kuyambira nchito, asanacedwe.

Mtengo wa kucedwa

Mbiri ikutiphunzitsa kuti kucedwa ndiko kumakulitsa cionongeko. Pa 24 March 1989 combo ca Exxon Valdez cinagunda miyala ku Prince William Sound ku Alaska, ndipo malita pafupifupi 41 miliyoni a mafuta anatayika naononga gombe la makilomita pafupifupi 2,000. Patapita zaka zoposa makumi awiri, ofufuza anali kupezabe mafutawo akakumba pansi pa miyala ndi mcenga wa m'magombe ena. Pamwamba panali kuoneka poyera, koma pansi panali pakuda.

Pa 29 May 2020 thanki yaikulu ya dizilo inaphwasuka pafupi ndi mzinda wa Norilsk kumpoto kwa Russia, ndipo matani pafupifupi 21,000 anatayika, ambiri a iwo nalowa mu mtsinje wa Ambarnaya. Akuluakulu a boma anadziwa kukula kwa ngoziyi patapita masiku awiri, cinthu cimene cinakwiyitsa mtsogoleri wa dzikolo, Vladimir Putin. Mu 2021 bwalo la milandu linalamula kampani ya Nornickel kulipira ndalama zokwana 146 biliyoni za ku Russia, zimene panthawiyo zinali pafupifupi madola 2 biliyoni.

Dziko lathu nalonso lalawa zowawa zotere. Paipi ya TAZAMA, imene inatsegulidwa mu 1968 pambuyo poti Rhodesia yadzilengeza ufulu mosaloledwa mu November 1965 ndi kutsekereza njira yathu ya mafuta ya kum'mwera, ndi yaitali makilomita 1,710 kucokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola. Mu 2023 inasiya kunyamula mafuta osayenga niyamba kunyamula dizilo. Mu May caka comweco makina okonza mseu anaboola paipiyi ku Mbeya m'dziko la Tanzania, ndipo dizilo wokwana malita pafupifupi miliyoni imodzi anatayika. Pa 18 February 2025 damu la zinyalala za mgodi la kampani ya Sino-Metals Leach Zambia linagumuka ku Chambishi, ndipo malipoti oyamba anati malita pafupifupi 50 miliyoni a madzi a asidi analowa mu mtsinje wa Mwambashi ndi kutsikira mu Kafue. Nsomba zinafa, minda inapserera, ndipo madzi a m'mipope anatsekedwa mu mzinda wa Kitwe. Amenewa sanali mafuta, koma phunziro lake ndi lomwelo.

Zimene zimabisa mafuta kuno kwathu

Kuno madzi saundana, koma tili ndi zinthu zitatu zimene zimabisa mafuta monga momwe madzi oundana amacitira ku Arctic.

Coyamba ndi mcenga. Mitsinje yambiri ya ku Petauke ndi Nyimba imauma pamwamba m'cilimwe, koma madzi amayendabe pansi pa mcenga, ndipo anthu a m'midzi amafukula zitsime m'mcengamo kuti apeze madzi akumwa, othirira madimba ndi omwetsa ziweto. Galimoto ya mafuta ikagwa pafupi ndi mlatho m'mwezi wa September, dizilo amalowa pansi m'maola ocepa. Galimotoyo ikakokedwa, odutsa amaona ngati nkhani yatha. Koma mafutawo amakhala akuyandama pamwamba pa madzi a pansi, natsetsereka pang'onopang'ono kulowera ku zitsime za kumunsi, ndipo mvula yoyamba ikagwa amakokoloka kupita kutali.

Caciwiri ndi nthaka ya pansi pa malo omwetsera mafuta. Matanki a pamalo amenewa amakwiriridwa pansi. Thanki yacitsulo ikadyeka ndi dzimbiri, imadontha pang'onopang'ono kwa miyezi kapena zaka popanda woona. M'maboma athu ano, kumene mabanja ambiri amamwa madzi a m'zitsime ndi m'mijigo, kudontha kotere ndi koopsa, pakuti petulo ali ndi mankhwala ochedwa benzene amene amayambitsa khansa ya m'magazi munthu akamawamwa kapena kuwapuma kwa nthawi yaitali. Kuwiritsa madzi ndi kuthiramo klorini ndi njira zophera tizilombo ta matenda; sizingadaliridwe pa madzi amene alowa mafuta.

Cacitatu ndi madzi a matope a mtsinje wa Luangwa m'nyengo ya dzinja. Mseu wa Great East umatsika m'mapiri okhotakhota kucokera ku Kacholola kufika pa mlatho wa Luangwa, ndipo magalimoto onse a mafuta oyenda pakati pa Lusaka ndi Cigawo ca Kum'mawa amaoloka pamenepo. Mafuta akalowa mu mtsinje wosefukira amasakanikirana ndi matope, ndipo ena amamira nakhala pansi. Kumunsi kwa mlathowo kuli asodzi a mbali zonse ziwiri, ya Zambia ndi ya Mozambique, kufikira kumene Luangwa amathira mu Zambezi.

Kodi mau angatithandize ifenso?

Cipangizo copangidwira madzi oundana sicingagwire nchito mu mcenga wa mtsinje wouma. Koma nzeru yomweyo ya kumvetsera imagwiritsidwa nchito m'njira zina zimene zikutikhudza. Pali makina oyeza matanki okwiriridwa pomvetsera kaphokoso kamene kamacitika mpweya kapena madzi akamalowa pa kabowo. Pali zipangizo zimene amazilowetsa m'paipi kuti ziyende ndi mafuta, zikuyeza kucindikala kwa citsulo ndi mau kuti apeze pamene padyeka pasanabooke. Palinso zingwe zimene amaziyala m'mbali mwa paipi, zimene zimamva kunjenjemera kwa nthaka munthu kapena makina akamakumba pafupi, ndi kudziwitsa oyang'anira nthawi yomweyo.

Ndipo mau si alendo m'cigwa ca Luangwa. Pakati pa 1986 ndi 1991 makampani a Placid Oil ndi Mobil anafufuza mafuta m'dziko muno, ndipo m'cigwa ca Luangwa munakumbidwa zitsime ziwiri zakuya, koma mafuta ogulitsa sanapezeke. Ofufuza mafuta amatumiza mau pansi pa nthaka ndi kumvetsera kubwerera kwake kuti adziwe kayalidwe ka miyala. Ngati nzeru imeneyi inafika kuno pofunafuna cuma, iyeneranso kufika poteteza madzi.

Nkhaniyi ikufunika tsopano cifukwa mu 2025 maboma a Zambia ndi Mozambique analengeza za pangano lomanga paipi ya mafuta kucokera ku Beira kufika ku Ndola. Paipi yotere ingacepetse magalimoto a mafuta m'miseu, koma iyenera kuoloka mtsinje wa Zambezi ndi mitsinje ina yambiri, ndipo mbali yaikulu idzakhala pansi pa nthaka. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Nthawi yabwino yofunsa za makina ozindikira kudontha ndi pamene mapulani akulembedwa, osati paipi itakwiriridwa kale.

Zoyenera kucita

Ena adzati boma limene likusowabe mankhwala okwanira m'zipatala za kumidzi silingaononge ndalama pa makina otere. Maganizo amenewa ali ndi nzeru, koma malamulo a dziko lino anayankha kale. Lamulo la Environmental Management Act la 2011, limene linakhazikitsa bungwe la Zambia Environmental Management Agency, limatsatira mfundo yakuti woononga ndiye alipire. Bungwe la Energy Regulation Board ndilo limapereka zilolezo kwa onyamula ndi ogulitsa mafuta. Motero mtengo woyeza matanki ndi mapaipi uyenera kugwera eni malonda, ndipo nchito ya maofesi a boma ndi kuonetsetsa kuti kuyezako kukucitika ndi kuti zotsatira zake zikufika ku makhonsolo.

Zina sizifuna ndalama zambiri. Mwini malo omwetsera mafuta amene amayeza thanki yake ndi ndodo tsiku ndi tsiku, ndi kuyerekeza ndi zimene wagulitsa, amazindikira msanga ngati mafuta akusowa. Makhonsolo a Petauke ndi Nyimba angacite bwino kulemba zitsime ndi mijigo yonse imene ili pafupi ndi malo omwetsera mafuta ndi milatho ya mu mseu waukulu, ndi kuyezetsa madzi ake nthawi ino pamene ali bwino, pakuti popanda kudziwa mmene madzi analili poyamba n'kovuta kutsimikizira m'bwalo la milandu kuti aonongeka. Popeza Petauke ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 400 kucokera ku Lusaka, akatswiri a kumeneko sangafike m'ola limodzi. Apolisi, ozimitsa moto ndi anchito a zaumoyo a m'boma ndiwo amafika poyamba, ndipo ayenera kuphunzitsidwa kuchinga mafuta ndi milu ya dothi asanalowe mu mtsinje.

Mafumu ndi manyakwawa a m'madera a Kalindawalo, Ndake, Nyalugwe ndi Luembe alinso ndi mbali yao. Iwo ndiwo amadziwa pamene anthu amatunga madzi, ndipo mau ao amamveka msanga m'midzi. Ayenera kucenjeza anthu kuti galimoto ya mafuta ikagwa asathamangireko ndi zigubu. Pa 17 November 2016 ku Caphiridzange m'cigawo ca Tete, galimoto yonyamula petulo inaphulika pamene anthu anali kutunga mafuta, ndipo anthu oposa 70 anafa. Amenewa anali anansi athu.

Kwa inu awerengi, uthenga ndi uwu. Mukaona madzi a m'citsime akununkha palafini kapena dizilo, kapena pamwamba pake pakuoneka mitundu ngati ya utawaleza, lekani kumwa madziwo ndi kumwetsa ziweto, ndipo kauzeni a nyakwawa ndi wa zaumoyo wa pa cipatala ca pafupi tsiku lomwelo. Mukaona galimoto ya mafuta yagwa, lembani tsiku, malo ndi nambala yake, ngakhale eni ake atanena kuti palibe cimene catayika. Akatswiri a ku maiko ozizira akuononga ndalama zambiri kuti amve cimene maso sangaone, pamene ife mphuno ndi maso a anthu okhala m'mbali mwa mseu ndizo zipangizo zathu zoyamba. Tizigwiritse nchito msanga, pakuti madzi akatayika saoleka, ndipo citsime cimene calowa mafuta cimatenga zaka kuti ciyerenso.